Mndandanda wa kuseri kwa kope

Usiku wina mu July 2024, magetsi atazima ku Mzuzu kumene ndimakhala, ndinadzikulunga m'bulangete n'kumangoseweretsa foni podikira tulo. Bandulo inali itatsala pang'ono, ndiye ndimawerenga zolemba zokhazokha, mavidiyo ayi. Mmenemo ndi mmene ndinagwera nkhani ya timu ina ya ku America yotchedwa San Jose Sharks. Amasewera hockey, koma osati ija ya pa kapeti yomwe ili ndi bwalo lake ku Blantyre. Iyi ndi ya pa ayezi, anthu atavala nsapato zokhala ndi chitsulo ngati mpeni kunsi, kumathamangitsana ndi ndodo. Masewera amenewa sindinawaonerepo ngakhale mphindi khumi, ndipo malamulo ake musandifunse. Chimene chinandigwira mtima n'china.

Timu imeneyi pa masewera 82 inapambana 19 okha. Inathera pansi penipeni pa matimu 32 a ligi yawo ya NHL. Kwathu kuno timu yotere masapota ake amazimitsa foni sabata yathunthu. Koma awa anali pa chisangalalo. Kumeneko kulibe zotuluka mu ligi, ndipo chaka chilichonse achinyamata amene afika msinkhu amaikidwa pa mndandanda umodzi, matimu n'kumasankha mopatsana mpata. Amati draft. Amene wachita bwino amasankha kumapeto, amene wavutika ndiye amayamba. Pamakhala kaye maere kuti matimu asamagonje dala, komabe wotsirizira ndiye amakhala ndi mwayi waukulu. Maere anagwera Sharks, ndipo pa 28 June 2024 ku Las Vegas anatenga mnyamata wa zaka 18, Macklin Celebrini, amene aliyense amati ndiye katswiri wa chaka chimenecho. Chaka cha m'mbuyo mwake Chicago Blackhawks inatenga Connor Bedard mwa njira yomweyo. Ndipo tsikulo lisanafike, masapota amatha miyezi akukangana, aliyense ndi mndandanda wake: titenge uyu, ayi uyo ndi wamfupi, winayo bondo lake n'lokayikitsa.

Ndinaseka ndekha mumdimamo mpaka mnzanga wokhala naye nyumba anafunsa ngati mutu wayamba. Ndimaseka chifukwa ine ndine wa ku Kaseye, ndipo timu yanga ndi Chitipa United. Za kuvutika musatiphunzitse. Tinalowa Super League koyamba mu 2017, n'kutuluka chaka chomwecho. Tinabwerera mu 2019, tinatulukanso, tinabwereranso mu 2023. Chaka chimenecho ndiye tinadabwitsa dziko, kumaliza pa nambala 4, kumbuyo kwa Bullets, Silver ndi Wanderers basi. Anthu amayenda monyang'wa pa boma. Koma 2024 itafika tinayambiranso ntchito yathu yakale yowerenga mapointi kuchokera kumunsi kwa tebulo: uyu akagonja, uyo akafanana mphamvu, ndiye kuti ife tapuma. Mu ligi ya matimu 16, atatu otsirizira amatsika, ndipo palibe amene amakupatsa Celebrini woti upukutire misozi.

Kunena zoona draft tili nayo, kungoti yathu imayenda chafutambuyo. Amene amayamba kusankha ndi amene ali kale ndi zonse. Mnyamata akangowala miyezi itatu ku timu yaing'ono, foni yake imayamba kulira, ndipo oimbawo amakhala ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Anyamatawo sindiwaimba mlandu. Nanga inu mungakane? Masewera athu amene amati apakhomo tinkakasewerera ku Karonga, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma, kutsika mapiri onse aja. Kukasewera ku Blantyre ndi ulendo woyandikira makilomita 1,000, kupita kokha. Miyendo imayamba yatopera m'basi mpira usanaukhudze. Ndiye timu yotere ikafika January, ikusowa osewera, imayang'ana kuti? Kumudzi. Ku ligi za m'maboma, ku mabonanza, kwa ana amene palibe akuwadziwa. Kulima timalima ndife, okolola amachita kubwera pa galimoto.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi. Minibasi mpaka ku Karonga, ina mpaka pa boma, kenako njinga yamoto m'matope mpaka ndinaona denga la tchalitchi cha pa mishoni. Ndinapeza kuli bonanza. Chisankho cha mu September 2025 chinali chikuyandikira, ndiye mukudziwa kale mmene anthu ena amayambira kukonda mpira mwadzidzidzi. Mphoto inali mbuzi, jezi ndi mipira iwiri. Matimu asanu ndi atatu, masiku anayi, bwalo lotsetsereka moti timu imene yagwera kumtunda chigawo choyamba imayenera kugoletseratu.

Tsiku loyamba lomwelo matenda a ku San Jose aja anandigwira. Ndinatola kope lakale la Agriculture la mng'ono wanga, n'kulemba kuseri kwake ndi zilembo zikuluzikulu kuti DRAFT YA KASEYE, pansi pake manambala 1 mpaka 5. Lamulo ndinadziikira ndekha: tiyerekeze kuti dziko latembenuka, Chitipa United yapatsidwa mwayi wosankha koyamba Maule ndi Manoma asanatsegule pakamwa. Pa bwalo lino ingatenge ndani?

Woyamba kumulemba anali goloboyi wina woyendetsa kabaza, wa manja aatali ngati mitengo ya golo lomwelo. Amakalipira anzake m'zilankhulo zitatu, Chindali akakwiya pang'ono, Chilambya akakwiya kwambiri, Chiswahili zikafika poipa. Anagwira mapenate awiri tsiku limodzi. Vuto lake n'limodzi. Akuti ali ndi zaka 21, koma ine ndinakhala naye desiki imodzi mu Sitandade 5, ndipo ine ndili ndi 28. Ndinamusiya pa nambala 3, pambali pake n'kuika chizindikiro chofunsa.

Wachiwiri anali wamanzere wa chakumtunda ku Ifumbo. Nsapato anagawana ndi mnzake, iye n'kutenga ya kumanzere, phazi lamanja lili pansi. Mpira akaukankha umapinda ngati wauuza kopita. Nditamufunsa ngati angakonde kusewera Super League, anaseka. Mayi ake ndi a kuno, bambo ake ndi a kutsidya kwa Songwe, ndipo maloto ake onse amalota mu jezi ya Yanga. Anzathu a kumwera izi sazimvetsa. Kwathu Mbeya ndi pafupi kuposa Mzuzu. Simba ikamakumana ndi Yanga, pa vidiyo pamadzaza kuposa tsiku la Bullets ndi Wanderers, ndipo mwana wa pa Isongole ndi wa pa Ifumbo amagula mandazi pa msika umodzi. Ndiye ngakhale draft yanga yabodzayo inali ndi mdani amene sindinamuwerengere. Ndinamulembabe pa nambala 2.

Pa nambala 1 ndi pamene tinayambana ndi malume. Malume anga sanaphonyepo mpira pa wailesi chiyambire nthawi ya Kinnah Phiri akusewera, ndipo mpaka lero akamakamba za tsiku lija la mu January 2010 limene Flames inathira Algeria 3-0 ku Luanda, amaimirira. Ataona kope langa anandilanda, n'kuloza mnyamata wina wotchinga kumbuyo, wosalankhula, amene ine sindinamuone n'komwe.

"Mphwanga, timu yovutika sigula maluwa. Imagula chitseko."

Ndinati malume, koma mpira ndi zigoli. Iwo anati zigoli ndi za anthu okhuta. Ukayenda usiku wonse kupita ku Mulanje kapena ku Dedza, chimene ukufuna ndi pointi imodzi, 0-0, ukwere basi uzibwerako. Mapointi amodziamodzi amenewo ukawasonkhanitsa ndi amene amakusiya mu ligi December akafika. Anatinso wogoletsa ukamupeza si wako, umangomusungira eni ake miyezi sikisi, pomwe wotchinga kumbuyo palibe amamuona, ndiye amakhala nawe zaka zisanu. Apa ndinakhala chete kaye, chifukwa mkangano womwewu ndi umene ndinauwerenga usiku uja pa foni. Azungu aja nawonso amagawanika pawiri. Ena amati tenga waluso kuposa onse, malo udzamupezera. Ena amati tenga amene akutseka dzenje limene lilipo lero. Malume sanamvepo za Las Vegas, koma anafika pomwepo atakhala pa njerwa, akutafuna chimanga chootcha.

Ndinamuonetsetsa mnyamata wawoyo masewera otsatira. Zoona, sanachite chilichonse choti munthu n'kujambula pa foni. Amangopezeka ali pamene mpira ukubwera, mpirawo usanafike. Ndinagonja. Nambala 1.

Pa nambala 4 ndinalemba mtsikana, ngakhale ndimadziwa kuti timu ya amuna singamutenge. Fainolo isanayambe atsikana anasewera mphindi makumi atatu kuti anthu asatope kudikira, ndipo kamtsikana kena kovala siketi ya yunifomu pamwamba pa kabudula kanadutsa anthu anayi ngati aima pa mzere wa ku chigayo. Anthu amaseka, ngati n'zoseketsa. Ine ndinaganiza za Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi konkuno kumpoto, amene chaka chomwecho cha 2024 anagoletsa zigoli 20 ku Kansas City Current n'kutenga mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America. Mkulu wake Tabitha ali ku Lyon. Chodabwitsa, ligi ya Temwa yomweyo ndi imene chaka chomwecho inathetsa draft, osewera atanena kuti munthu azisankha yekha kumene akufuna kukagwira ntchito. Ndiye chinthu chimene ine ndimachisirira mumdima ku Mzuzu, ena amene anakhala nacho akuchitaya. Pajatu mndandanda umakomera wosankha. Wosankhidwayo palibe amamufunsa.

Nambala 5 ndinaisiya yopanda dzina. Nkhani yonseyi ndikulembera mzere umenewo.

Mng'ono wanga ali ndi zaka 18, zenizeni, ndinalipo tsiku limene amayi anabwera naye kuchokera ku chipatala cha pa mishoni. Ali Folomu 4. Pa bonanza imeneyi anagoletsa zigoli zisanu pa masewera atatu, chimodzi ndi mutu atatembenukira kwina. Aliyense pa bwalopo amadziwa kuti wosewera weniweni ndi ameneyu. Malume amadziwa, n'chifukwa chake amalimbikira za chitseko, maso ali kumbali. Inenso ndimadziwa. Cholembera chimafika pa pepala n'kubwerera.

Mu 2016 ine ndinali iyeyo. Ndinali ndi zaka 19, liwiro lilipo, anthu akundiitana ndi dzina la wosewera wina wa ku Ulaya mpaka langa lenileni kuiwalika. Ndinamva kuti timu ina ya m'tauni ikuyesa osewera. Bambo, amene pano anatisiya, anagulitsa mbuzi kuti ndipeze thiransipoti. Tinapezeka anyamata oposa zana pa bwalo limodzi. Tinagona m'kalasi, pa simenti, chikwama chili pilo. Tsiku lachiwiri anandipatsa mphindi makumi awiri, pa malo amene sindinasewerepo chibadwire. Mpira ndinaukhudza kanayi, ndinawerenga. Munthu amene anagwira kope tsiku limenelo nthawi yambiri anali pa foni. Madzulo anawerenga mayina asanu ndi awiri, ena a iwo anthu amene sitinawaone akuthamanga. Ndinabwerera kumudzi patatha milungu itatu, chifukwa manyazi anandisunga kwa mnzanga m'tauni, ndipo teremu inali itapita. MSCE ya chaka chimenecho inandikana. Ndinabwereza. Bambo za mbuzi ija sanazitchulepo mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo kusatchulako ndi kumene kumandiwawa mpaka lero.

Ndiye mukhoza kumvetsa mmene m'mimba mwanga munatembenukira fainolo itatha, nditaona bambo wina wovala jekete la timu ya ku Ulaya atamukokera mng'ono wanga pambali. Madzulo ake nkhani inafika pa mkeka. Akuti bamboyo amalumikiza anyamata ndi matimu, kuno ndi kutsidya komwe. Akuti malo alipo mu January, koma pakufunika ya fomu ndi ya ulendo, ndalama yokwana matumba awiri a nyemba. Dzina la timu sanatchule. Anati zimenezo zimadziwika ukafika.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda nyemba zomwezo. Timalankhula Chindali, koma ndiziika m'Chichewa.

"Ine mpira sindiudziwa," anatero. "Iwe unapitako. Tiuze."

Mng'ono wanga anandiyang'ana. Sanapemphe. Amangoyang'ana, monga amayang'anira goloboyi asanamenye penate.

Ndinati ayi. Ndinati munthu woona amatchula timu, ndipo timu imene ikukufunadi siyamba n'kukulipiritsa. Ndinati ndalama ya mayeso ku MANEB ndalipira kale, miyezi yatsala ndi yowerengeka, mpira suthawa. Zonsezi n'zoona ndipo ndikhoza kuzibwereza lero pamaso pa aliyense. Koma usiku umenewo sindinagone, chifukwa pansi pa zoonazo panali kanthu kena kamene sindimafuna kukayang'ana. Kodi ndimamuteteza kwa bambo wa jekete uja, kapena ndimaopa kuti akapita zikamuyendera, n'kuoneka poyera kuti mu 2016 vuto silinali munthu wa pa foni uja? Ine ndinali ndi liwiro basi. Iyeyu amaona bwalo lonse. Kusiyana kumeneku ndinakuona kale ali ndi zaka 12, tikusewera mpira wa mapepala kuseri kwa khola, ndipo sindinamuuzepo.

Komanso mawu aja oti mpira suthawa ndi theka chabe la choona. Mpira umathawa. Gabadinho Mhango anachoka ku Chiweta ali mnyamata, n'kudutsira ku Bullets mpaka ku South Africa, ndipo chigoli chija anathira Morocco mu January 2022 sichikanabwera akanakhala akudikira kuti zinthu zonse zikhale m'malo mwake. Kwathu kulibe Boston University, kumene Celebrini amaphunzira uku akusewera, anthu a matimu atakhala m'mipando ndi makope awo kumulemba masewera alionse. Kuno mwana amasankha chimodzi, ndipo amasankha mumdima. Akatsala pa sukulu, palibe amene adzabwere ku Kaseye kudzamufunafuna. Akapita, palibe amene adzamubwezere teremu.

Masiku awiri sanandilankhule. Amadzuka m'mawa, kupita kumunda ndi amayi kukabandira chimanga, kubwera, kudya, kutsegula buku la Biology n'kumayang'ana tsamba limodzi ola lathunthu. Tsiku lachitatu ndinamupeza atakhala pa khonde, kope la Agriculture lija lili m'manja, atalitembenuza kuseri.

"Achimwene, uyu wa nambala 3 si munali naye kalasi imodzi?"

Ndinati eya.

"Ndiye mwalemba nkhalamba, mwalemba wa Yanga, mwalemba mtsikana." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Apa palibe dzinapa mumadikira ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za San Jose, za maere, za mmene kumeneko timu yovutika imayambira kusankha, ndikudziwa ndithu kuti ndikuzemba. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera okha. Kenako anafunsa funso limene sindinaliganizirepo miyezi yonse ija.

"Nanga mnyamatayo akafuna kumaliza kaye sukulu, amamudikira?"

Limeneli ndimalidziwa yankho lake, chifukwa ndinaliwerenga. Ndinati eya, timu imasunga dzina lake, ambiri amabwerera kaye ku koleji chaka chimodzi kapena ziwiri asanayambe. Anagwedeza mutu, n'kutseka kope.

"Ndiye inuyo mundidikire," anatero. "Ndikalemba pepala lomaliza, mundiperekeze nokha. Osati kwa bambo uja. Pa boma, kumene timu imachitira mapulakatisi. Mukaime pa mzere, mukaone ngati wogwira kope ali pa foni."

Za munthu wa pa foni uja sindinamuuzepo. Ndiye kuti bambo anamuuza, kapena amayi, kapena mudzi wonse wakhala ukudziwa zaka zonsezi, ine ndikuyesa ndabisa.

Ndinavomera. Kaya adzamutenga, kaya adzamuuza kuti abwere chaka chamawa, kaya adzawala miyezi itatu foni n'kuyamba kulira kuchokera kumwera, ine n'kutsala ndikutukwana pa gulu la WhatsApp la masapota kuti ana a masiku ano alibe chikondi ndi kwawo. Malume akuti iwo sadzapita nawo, mtima wawo sungapirire, koma ndawamva kale akufunsa wa njinga yamoto mtengo wa anthu awiri mpaka pa boma.

Tsiku lonyamuka anandinyamulira chikwama mpaka pa msewu. Kope ndinalipeza m'thumba la pambali nditafika ku Karonga, ndikufuna ndalama ya minibasi. Mzere wa nambala 5 unali wopanda kanthu monga ndinausiyira. Dzina lake analilemba pamwamba penipeni, pamwamba pa mnyamata wa malume, ndi pensulo, pa mpata waung'ono umene unatsala pakati pa mutu ndi nambala 1.

Loweruka lapitali ndinazungulira pa kaunjika mu msika wa Mzuzu. Amavala saizi 8. Ndapeza peyala imodzi yakuda, zipsera zochepa, mano onse alipo kunsi. Ndalipira theka, mwini wake wandisungira mpaka mwezi uthe. Amayi sindinawauze.